Momwe Ndinatsitsira a Sakala Kumitambo

Amene akuti ndimanama abwere kutsogolo kuno, asabisale kuseri kwa anzake. Zonse zimene mukunong'onezana pamsika wa Pamodzi kuno ku Ndola zandifika, ndamvanso za mayi uja wa kwaya amene akufalitsa kuti ine ndinangopita kwa achibale ku Kapiri n'kubwerako ndi nkhani m'chikwama. Chabwino. Khalani pansi mundimve mpaka kumapeto, mukatero muzikatsutsira kwanu. Ine ndine amake Jeradi, mkazi wa a Sakala, sukulu ndinamaliza kwa masisitere, ndipo zimene ndikulemba panozi ndinaziona ndi maso angawa, zina ndinazionera pamwamba.

Choyamba muwadziwe amuna anga. A Sakala analowa mumgodi ku Kitwe tisanakwatirane, anatulukamo imvi zili mbuu, ndipo mawu onse amene anayankhula m'nyumba mwanga pa zaka zimenezo mukhoza kuwalongedza m'kabokosi ka machesi, malo n'kutsalako. Si nkhanza ayi. Ndi munthu wofatsa, mkulu wa mumpingo, kungoti pakamwa pawo pamatseguka polowetsa chakudya ndi poyankha Misa basi. Inenso sindinkawavutitsa, chifukwa ukwati uli pafupi, alangizi anga, amayi a kwathu ku Katete amene anakalambira m'komboni ya mgodi, anandikhazika pamphasa n'kundiuza lamulo. Mkazi wa munthu wa mumgodi sauza mwamuna wake vuto akamapita kuntchito. Munthu akatsika pansi mtima uli pawiri, mwala umadziwa. Umumwetulire, umupatse chikwama chake, apite. Akabwera watopa, ndipo mawa atsikanso, ndiye usamuuzenso.

Tsono ine ndinabadwa ndi matenda ofunsa. Ndinadzutsa mutu n'kuti, “Nanga ndizimuuza liti?”

Mayi wamkulu anandiyang'ana ngati ndatukwana. “Akadzapuma ntchito.”

Mukumva? Akadzapuma ntchito! Ndiye ndinasunga. Chilichonse chogwa pakhomo ndinkathana nacho ndekha, kenako n'kuchiika mumtima, china pamwamba pa chinzake, osatayako n'chimodzi chomwe. Tsiku lopuma ntchito litafika, pakamwa panga panali patazolowera kale kutseka, ndipo a Sakala anangotenga mpando n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kumayang'ana nyerere.

Ana athu, Jeradi amene amakhala kwa olemera ku Parklands ndi mlongo wake Monika, ataona kuti makolo awo akukhala ngati anthu osadziwana amene akudikira basi imodzi, anatilipirira ulendo wokapuma ku hotela ina ya pamwamba pa phiri, kumpoto uko kupitirira Mpika, kumene amati kumapita anthu awiriawiri kukatsitsimutsa chikondi. Ine ndinavomera msanga, osati chifukwa cha chikondicho, koma ndinkafuna kuona kuti anthu olemera akamati akupuma amachita chiyani kwenikweni.

Ife a kuno phiri timalidziwira kuti? Mapiri athu ndi zulu ndi milu ya dothi la mumgodi. Lija linali phiri. Galimoto ya hotela inatitenga m'munsi, msewu wake woimirira ngati khoma mwakuti dalaivala ankayendetsa atagona chagada, ndipo tinakwera, tinapitirira mitengo, tinapitirira akabawi, tinalowa mumtambo n'kutulukira pamwamba pake, tinapitirira ndege ina imene anthu ake ankatiyang'ana chokweza makosi pamawindo, mpaka ndinafunsa dalaivala ngati kumeneko kuli parishi yake kapena anthu amangogogoda n'kulankhula ndi Mwini wake. Kumeneko mvula ukafuna kuiona umasuzumira pansi.

Kufufuza ndinayamba tisanatsitse n'komwe katundu. Chitseko chagalasi chinatseguka chokha nditangoyandikira. Ndinabwerera m'mbuyo, chinatseka. Ndinadzera cham'mbali, chinatseguka. Ndinabwera chokwawa kuti ndipeze pamene pali diso lake, mpaka mlonda anandipempha mwaulemu kuti ndichisiye chipumeko. Kuchipinda bedi lake linali lalikulu moti kuti ndiwapeze a Sakala m'mawa ndinkachita kuwaimbira foni. Pabedipo anaikapo mathaulo opindidwa ngati mbalame za makosi aatali, ndipo nditayamba kufunyulula imodzi kuti ndione mapindidwe ake inandijompha chala n'kuthawira kubafa. Bafa lakelo mukhoza kulowamo kwaya yonse pamodzi ndi woimba ng'oma. Chakudya anabweretsa m'mbale yaikulu ngati chivundikiro cha diramu, pakati pali kanyama konga batani la shati, katsamba kamodzi pamwamba. Ndinafunsa woperekera kuti malo onse otsalawa ndi a chiyani, anati ndi oti chakudya chizipumirapo mpweya. Ndinamuuza kuti kwathu chakudya sitichipatsa nthawi yopuma.

M'mawa mitambo inkalowa pamawindo ngati mbuzi zolowa m'munda, amayi okonza m'zipinda n'kumaithamangitsa ndi matsache. Ndinagwira kamtambo kamodzi kakang'ono kuti ndione kuti mkati muli chiyani, ndinakafinyira m'beseni, madzi ake ndinachapira masokosi a a Sakala, kenako ndinakamasula kali kouma ngati chiguduli, ndipo ndamva kuti sabata imeneyo ku Mpika sikunagwe mvula. Nditaima pakhonde ndinaona dziko lonse lili tantha pansi panga, ndinaona Ndola, ndinaona milu ya dothi ya mgodi wa Bwana Mkubwa, ndinaona denga la nyumba yanga ku Pamodzi, ndipo kuseri kwake ndinaona amayi oyandikana nawo, bana Chanda, akugwetsa mapeyala anga ndi nsungwi. Ndinakuwa kamodzi kokha. Anaponya nsungwi n'kuthawira m'nyumba. Mukawafunse chifukwa chake masiku ano amandipatsa moni ndi manja awiri.

Nthawi yonseyi a Sakala anali atakhala pampando, atavala majombo awo a mumgodi aja achitsulo kutsogolo, amene savula ngakhale ku Misa, akuyang'ana pansi kufuna nyerere. Nyerere kumeneko kulibe.

Tsiku lotsatira anatiitana kuchipinda chotikita thupi, ati ndi mbali ya zimene ana analipira. Munali fungo la mandimu ndi kanyimbo konga madzi akudonthera m'ndowa. Kunabwera mtsikana manja ali noninoni ndi mafuta, n'kunena kuti bambo avule agone apa.

Ndinati, “Mwana iwe, msana uwu uli ndi mwini wake, ndipo anadalitsa ndi abambo mfumu. Kaitane mwamuna.”

Anabweretsa chibambo china cha manja ngati mafosholo. Inenso anandilozera bedi langa, koma ndinakana. Ndikagona chafufumimba ndiona bwanji mmene amachitira? Ndinakoka mpando n'kukhala pafupi. Majombo aja anachita kuwazula anthu angapo, wina atagwira mwendo, ena akukoka, ndipo atawaika pansi matailosi anang'aluka.

Chibambo chija chinapaka mafuta m'manja n'kunena mwaulemu wa Chibemba kuti, “Mukwai, lero tichotsa kulemera konse kuli m'thupi muno.”

Ine ndinkayesa ndi mawu otsatsira malonda. Koma chitangokanikiza kamodzi, mumsana mwa a Sakala munayamba kutuluka fumbi lakuda, kenako thukuta lobiriwira ngati waya wakale wa kopa, kenako timiyala, kenako miyala yeniyeni yoti kumangira maziko, anthu kuthamanga ndi mawilibala, kutuluka, kubweranso, kutulukanso, mulu kunja n'kumakula mpaka alendo ena anayamba kuujambula poganiza kuti ndi mwana wa phirilo. Ndinatola mwala umodzi, ndinaununkhiza, ndinaunyambita, unali wa ku Kitwe weniweni. Ndinafunsa kuti zonsezi zinalowa bwanji, chibambocho chinati munthu akakhalitsa pansi pa nthaka, mwala wonse wa pamwamba pake umamukhala m'mafupa. A Sakala anamwetulira. Ndinaona dzino lina lam'mbali limene sindinkalidziwa.

Atamaliza anawaveka mkanjo woyera wa thaulo ndi masilipasi opepuka ngati buledi, n'kutiuza kuti tikawothere dzuwa pakapinga. Tikuyenda, ndinadabwa kuti sindikumva mapazi awo. Ndinawerama n'kupititsa dzanja pansi pa masilipasi. Linadutsa. Ndinapititsa chikwama changa. Chinadutsa. Ndili mkati moyang'ana mpando woti ndiyesere, kunabwera kamphepo, kamphepo chabe koti sikangazimitse kandulo, ndipo a Sakala ananyamuka.

Ndinadumpha n'kugwira lamba wa mkanjo. Lamba anasololoka n'kutsala m'manja mwanga. Tsono a Sakala, poti ndi mkulu wa mumpingo ndipo pansi panali amayi, anagwira mkanjo wawo ndi manja onse awiri kuti usatseguke, n'kumakwera ali chomwecho, kudutsa pafupi penipeni ndi nsonga ya denga.

Ndinakuwa, “Gwirani denga, a Sakala!”

Anayang'ana dengalo, anayang'ana mkanjo. “Anthu akuona, amake Jeradi.”

Anapitirira.

Manijala wa hotela, bambo wa tayi, Mbemba waulemu wake, anabwera akuthamanga n'kuima pambali panga akupukuta thukuta. “Awe mukwai, alendo a m'maofesi tikawatikita amangodumphadumpha pang'ono, pofika nthawi ya tiyi akhazikika. Wa mumgodi sitinalandirepo.” Kenako analoza kumwamba, kumene kunali mzere wautali wakuda ukuthamanga ngati mtsinje. Anati imeneyo ndi mphepo ya pamwamba, imapita ku Congo osaima, inawatengerapo maambulera ndi tenti ya ukwati, ndipo palibe chinabwerako. “Akafika pamzere uwo, mayo, ndiye kuti basi.”

Mukumva? Mwamuna amene mgodi unalephera kundilanda, andilande ndi hotela! Anabweretsa makwerero, anaperewera. Analumikiza makatani onse n'kupanga chingwe, panalibe wochiponya kufika. Wophika wina wamphamvu anatenga jombo imodzi n'kuiponya kuti a Sakala aiwakhe iwalemeretse, koma manja anali pamkanjo, jombo inawadutsa pakhutu n'kukagwa kuchigwa, kumene mpaka lero kuli dziwe. A Sakala n'kumachepa, kukhala ngati nkhuku yoyera, kenako ngati njiwa, mzere wakuda uja uli pafupi.

Pamenepo mantha anga anasanduka ukali. Ndinaika manja m'chiuno n'kukuwa ndi mawu aja anagwetsa nsungwi ya bana Chanda. “Mukupita kuti, a Sakala? Denga lija likudontha pamwamba pa wadilopu mukusiyira ndani?”

Anaima. Ndikulumbira, anaima, n'kutsikako pang'ono ngati munthu waponda pa sitepe imene sanaione.

Ena onse sanazindikire, koma ine ndinaona, chifukwa sisitere wathu wa sayansi ankati chinthu ukachiona kamodzi uchiyesenso. Ndinakuwa kuti kunja kwacha bwino. Sanasunthe. Ndinakuwa kuti ndimawakonda, anthu onse akumva, ine manyazi atandigwira. Anakweranso! Ndiye ndinakuwa kuti chimbudzi cha kuseri chinang'aluka khoma chaka chatha. Anatsika. Apo ndinadziwa kuti chimene chimagwira munthu pansi si nyama kapena mafupa, koma nkhawa, ndipo nkhawa ndinali nazo nkhokwe yodzaza imene sinatsegulidwepo chikwatiwire. Kodi alangizi sanati akadzapuma ntchito? Anali atapuma.

Ndinavula nsapato, ndinakwera patebulo, ndinayamba. Ndinawauza kuti galu wawo uja sanasochere ayi, anagundidwa ndi lole ndipo ndinamukwirira ndekha pansi pa mango pomwe amaika mpando wawo. Kuti Jeradi anachotsedwapo sukulu temu yathunthu chifukwa chomenya mwana wa ahedi, ndipo ndinkamuveka yunifolomu m'mawa uliwonse n'kukamubisa kwa azakhali ake, ine n'kupita kukagwada ku ofesi mpaka mawondo anga anakumba maenje awiri pasimenti. Kuti mng'ono wawo amene anabwera kudzacheza sabata imodzi n'kukhala mpaka kumera ndevu ndi amene anagulitsa wailesi ija ndinkati ili kwa okonza. Kuti Monika sanabadwire kuchipatala koma m'minibasi, kondakitala akuitanirabe anthu. Kuti khitchini inapsapo yonse iwo ali pansi, ine n'kuzimitsa, kukhoma denga, kupaka penti ndi kuiumitsa ndi mpweya wa m'kamwa mwanga asanaweruke. Kuti akuba analowapo masana n'kunyamula matiresi, ndinawathamangitsa ndi munsi kuchokera ku Pamodzi mpaka ku Bwana Mkubwa, n'kuwasenzetsa matiresiwo kubwerera nawo, n'kuwayalitsa bedi, madzi a tiyi asanawire. Kuti amayi awo, Mulungu awalandire, ananditchula dzina lina pamaliro a malume limene sindingalembe pano, ine n'kuwaphikirabe phala mpaka tsiku lawo lomaliza.

Nkhani iliyonse ikafika, a Sakala ankatsika, nkhope ikutalika. Njiwa inasanduka nkhuku, nkhuku inasanduka mbuzi, mbuzi inasanduka mwamuna wanga ndi mkanjo wake. Alendo anasiya kudya n'kuzungulira tebulo, ena akumasulira anzawo m'Chingerezi, mayi wina wachizungu akulira ndi nkhani ya galu. Ine kukoma kwake! Mawu ankatuluka okha ngati madzi a pampopi akabwera patapita sabata, chifuwa chikumasuka, msana ukuwongoka, mpaka ndinamva mtsikana wa mafuta uja akukuwa.

“Amayi! Mapazi anu!”

Ndinayang'ana pansi. Tebulo linali kutali.

Inde. Zonse zimene zinkandigwira pansi ndinali nditazikhuthulira pa a Sakala. Mwamwayi mkazi wa kwathu sayenda opanda chitenje m'chikwama, ndiye ndinachikulunga msanga n'kumanga mfundo pakati pa miyendo, chifukwa ulemu ndi ulemu ngakhale m'mlengalenga. Tinakumana cha pansonga ya mitengo, iwo akutsika, ine ndikukwera, motalikirana moti manja sakanafika.

Anati, “Amake Jeradi, mukupita kuti?”

Ndinati, “Mukandifunsa ine ndifunse ndani?”

Tsono musaganize kuti ndinatseka maso. Mwayi wotero subwera kawiri. Ndinaona kuti denga la hotela yokongola ija pamwamba pake ndi zitosi zokhazokha ndi masilipasi otayika. Ndinalowetsa mutu mumtambo waukulu, mkati mwake mumanunkha bulangeti lonyowa ndipo muli timabingu tating'ono togona mounjikana ngati ana agalu. Kakowa wina anauluka nane limodzi kwa kanthawi akundiyang'ana ndi diso limodzi, ndinamufunsa ngati mphepo ya ku Congo imadutsa pa Ndola kuti mwina nditsikire kwathu, sanayankhe. Koma nditamva mzere wakuda uja ukulira pamwamba pa duku langa ngati sitima ya katundu, chidwi chinatha.

Pansi a Sakala anali atatera, atamanga lamba wawo, ataima pakati pa kapinga. Mankhwala anali atawaona. Ankadziwa chochita. Koma amuna a mumgodi nawonso ali ndi lamulo lawo: za pansi zimatsala pansi, umazisamba pamodzi ndi fumbi usanapite kunyumba. Ndipo chibambo chija chinachotsa miyala ya m'mafupa, koma za m'chifuwa manja ake sanafikeko.

Ndinakuwa, “Yankhulani, atate ake Jeradi! Duku lapita kale ili!”

Anakhosomola. Anayang'ana anthu. Kenako anati, “Mabanzi a ku kantini anali ouma.”

Ndinatsika kutalika kwa chala chimodzi.

“Zolemera, bambo inu! Mabanzi andithandiza chiyani?”

Ndiye anavula masilipasi, anaponda pansi ndi mapazi, anayamba, ndipo mawu amene anatuluka sindinawamvepo, anali aakulu ngati ochokera m'dzenje. Anandiuza za tsiku limene chikepe chotsikira mumgodi chinaima pakati pa dzenje, magetsi atazima, amuna akuluakulu akuitana amayi awo. Anandiuza za madzi amene anaphulika m'khoma n'kuwafika m'khosi, iwo ataimirira pa zala, atanyamula mnzawo wamfupi paphewa. Anandiuza za ba Mulenga, mnzawo amene ankagawana naye chakudya chimene ine ndinkalongedza, kuti mwala unawagwera ali pambali pawo, ndipo anawagwira dzanja mpaka linazizira, kenako anabwera kunyumba n'kundiuza kuti mutu ukuwawa. Ine ndinkakumbuka tsikulo. Ndinawapatsa panado.

Ndinkatsika tsopano ngati thumba la simenti. Ndipo ali pakati pa zimenezo anawonjezera kuti, “Ndiponso khutu langa lakumanzere linafa kalekale ndi makina oboolera mwala. Silimva kanthu. Ndiye mbali imene mumakhala patebulo.”

Mukumva? Zaka zonsezo ine kumati munthuyu sayankha chifukwa ndi wofatsa! Ngakhale zochepa zimene ndinkanena, za mchere ndi za nyengo, zinkangogwera m'khutu lakufa!

Koma taonani tsoka lake. Pamene ine ndinkatsika, iwo anayambanso kunyamuka, chifukwa anali atakhuthula zambiri. Tinadutsananso. Ine kuponya nkhani ya mlamu, iwo kutsika, ine kukwera. Iwo kuponya ya bwana wachipongwe, ine kutsika, iwo kukwera. Anthu pansi makosi anatopa, manijala anatulutsa mipando, operekera anayamba kugulitsa zakumwa. A Sakala ndi amene anazindikira, poti moyo wawo wonse akhala akuona chikepe cha mumgodi chikuyenda ndi chitsulo cholemera kumbali inayo, china chikakwera china chimatsika.

Anati, “Tisaponye zikuluzikulu. Pang'onopang'ono. Inu imodzi, ine imodzi.”

Ndiye tinayamba kupatsana tating'ono. Ine ndinati mphika wa amayi anga unasweka. Iwo anati bondo limawawa kukazizira. Ine ndinati ndimaopa mbewa. Iwo anati amaopa kukhala pakhomo tsiku lonse osadziwa chochita. Tinayandikirana, tinayandikirana, mpaka tinafanana, ndipo a Sakala anatambasula dzanja n'kugwira langa. Chikwatirane, aka kanali koyamba kundigwira dzanja pagulu.

Komabe sitinafike pansi. Tinalendewera pamwamba pa mitu ya anthu, motalika moti wamtali akadumpha sakanatikhudza, ndipo kamphepo kaja kanayambanso kutikankhira kuphompho. Nkhokwe yanga inali itatha. Yawonso. Chilichonse chimene ndikanawapatsa chikanachoka kwa ine, chimene akanandipatsa chikanachoka kwa iwo. Pankafunika chinthu choti chitilemere tonse awiri nthawi imodzi.

Tinayang'anana. Chinalipo. Pakati pa Jeradi ndi Monika panali mwana wina, wamkazi, amene anangokhala nafe masiku ochepa. Titabwera kumanda, m'mawa mwake a Sakala anali ndi ntchito, ndiye ine ndinamwetulira n'kuwapatsa chikwama chawo, iwo analandira n'kupita. Kuyambira tsiku limenelo palibe anatchulapo dzina lake, ine kuopa mwala, iwo kuopa misozi yanga.

Sitinakuwe. Tinangonena tonse pamodzi, chapansipansi. “Tereza.”

Tinatera. Mapazi analowa m'kapinga mpaka mu akakolo, ndipo tinaima pomwepo nthawi yaitali, manja ali chigwirire, ngakhale mitambo inaima pamawindo osalowa. Maenje anayi aja alipo mpaka lero. A hotela anadzalamo maluwa. Amene akukayika akwere basi akawaone.

Masiku otsalawo sindinafufuzenso zitseko. Tinkakhala pakhonde, kuitanitsa tiyi, n'kumafunsana. Iwo ankafuna kudziwa kuti galu anafa bwanji kwenikweni, ndi ndani ankayendetsa lole, nanga khitchini penti ndinaipeza kuti. Ine ndinkafuna kudziwa kuti pansi pa nthaka pamanunkha bwanji, munthu amadziwa bwanji kuti kunja kwacha, ba Mulenga ankakonda ndiwo ziti mwa zimene ndinkalongedza. Ankakonda kapenta wothira tomato wambiri. Zaka zonsezo ndinkaphikira munthu amene sindinkadziwa kuti ndikumuphikira. Ndamva kuti chichokereni ife, a hotela amayamba afunsa mlendo aliyense ntchito imene amagwira, ndipo akakhala wa mumgodi amamumanga chingwe m'chiuno asanamutikite.

Tsono mayi wa kwaya uja akuti ngati zinachitikadi, ndinapindulapo chiyani, poti sindinabwere ndi chikho kapena chithunzi cha m'nyuzipepala. Ndimuuze, alembe. A hotela sanandipatse kanthu, ngakhale duku langa sanandibwezere, lili ku Congo. Mawu anga anasasa mwezi wathunthu. Chimene ndinapeza ndi ichi: titafika ku Pamodzi ndinanyamula mpando wanga patebulo, ndinazungulira nawo, n'kukauika mbali inayo. Ndinapeza khutu limodzi, lakumanja, lamoyo, ndipo ndi langa ndekha m'mawa ndi madzulo. Mwa inu nonse amene amuna anu ali ndi makutu awiri abwinobwino, amene akumvedwa ngakhale ndi limodzi aimike dzanja ndimuone.